Cimanga Coocha: Moto, Zopaka ndi Nkhokwe

Mau a pa misonkhano ya alimi ndi ya makalabu a amai m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi

Nkhani ya lero ndi ya cimanga caciwisi, cimene ena acichula dowe ndi ena mondokwa. Kapena ena adzati nkhani yotere ndi yacabe, pakuti palibe mwana wa m'mudzi amene sadziwa kuika cimanga pamoto. Koma m'nkhaniyi muli zinthu zitatu zoyenera kuziganizira bwino. Coyamba ndi kaochedwe kabwino, pamodzi ndi zopaka zimene zikometsa cimanga ndi kulimbitsa thupi. Caciwiri ndi ngozi zimene zibisala pa mbaula ndi m'munda wothira mankhwala. Cacitatu, ndico cacikulu, ndi nkhokwe, pakuti cikonyo cothyoledwa m'mwezi wa Febuluwale sicidzalowanso m'nkhokwe m'mwezi wa Meyi.

KUMENE CINACOKERA

Cimanga si mbeu ya makolo akalekale a dziko lino. Kwao ndi ku Mexico, kumene anthu anayamba kucilima zaka ngati 9,000 zapitazo, atacisankha kucokera ku udzu wa kuchire wochedwa teosinte. Cinafika ku magombe a Afrika ndi zombo za Apwitikizi pambuyo pa caka ca 1500, ndipo pang'onopang'ono cinalowa kumtunda, nicilanda malo a mapira ndi mawere, mbeu zimene kale zinali nsima ya anthu.

Kuli konse kumene cimanga cinafika, anthu anaphunzira kuciocha ndi kucipaka zokometsera. A ku Mexico acipaka ndimu, tsabola, mcere ndi chizi. A ku Kenya adula ndimu pakati, naibviika mu mcere wosakaniza ndi tsabola, napukuta nayo cimanga cotentha. A ku Japan acipaka msuzi wakuda wamcere wopangidwa ndi soya, nacibwezera pamoto kuti msuziwo uumirepo. Cotero kupaka cimanga si mwambo wa mtundu umodzi, ndipo zambiri zofunika pa nchitoyi zipezeka m'minda ya kuno.

Kuno kum'mawa cimanga catsopano ciri ndi ulemu wake. Angoni asonkhana ku Mtenguleni, pakati pa Katete ndi Chipata, pa Loweruka lotsiriza la Febuluwale, kucita mwambo wa Ncwala, umene unaukitsidwanso mu 1980. Pa mwambowo Inkosi ya Makosi Mpezeni alawa zipatso zoyamba za m'munda. Kale munthu sanali kuloledwa kudya zatsopano mfumu isanalawe. Lamulo lotere linali la cipembedzo, komanso linali kuchinjiriza minda kuti anthu asaiyambe msanga.

KUSANKHA CIMANGA COYENERA

Cimanga cokoma pamoto ndi cimene cathyoledwa pa nthawi yake. Nthawiyo ifika patapita masabata atatu kapena anai kucokera pamene ndebvu zinaturuka. Ndebvu zikhala zitada ndi kuuma, koma makoko akali obiriwira. Mlimi atsegule makoko pang'ono kunsonga, natsine njere imodzi ndi cikhadabo. Mukaturuka madzi oyera mbee ngati a pacitsime, cimangaco cikali canthete, ndipo pamoto cidzangofota. Mukaturuka madzi onga mkaka wokhuthala, cafika poocha. Njere ikakana kutsinika, cimanga cakhwima. Cotere cingaphikidwe kapena kusiyidwa kuti ciumire nkhokwe.

Cimanga cikathyoledwa, shuga wa m'njere ayamba kusanduka ufa, ndipo dzuwa lifulumizitsa kusandukako. Ici ndico cifukwa cake cimanga cogona masiku awiri cizizira m'kamwa. Munthu athyole m'mawa cimene adzaocha tsiku lomwelo, nacisunge pamthunzi ndi makoko ake, osasenda kufikira moto utakonzeka.

MOTO WAKE

Ambiri alakwa pa moto. Aika cimanga pa malawi, ndipo kunja cipserera ndi kununkha utsi, m'kati cikali caciwisi. Cimanga cifuna makala ofiira amene ayamba kuyera phulusa pamwamba, opanda lawi ndi utsi. Pa mbaula aike waya woyera, kuti cimanga cikhale pamwamba pa makala monga kutalika kwa zala zinai zogundana. Pa mafuwa, woocha akokere makala pambali, natsamize cimanga pa mwala kapena pa cikuni, kuti cipse ndi kutentha kokha.

Cimanga citembenuzidwe kawirikawiri, mbali iri yonse ipeze moto. Pa makala abwino cipsa pa mphindi 10 kufikira 15. Cakupsa bwino cioneka cofiirira ngati uci, ndi timawanga takuda apa ndi apo, ndipo njere zina ziphulika. Kufiirako ndiko kumene kubala pfungo lokoma, pakuti moto usanduliza shuga ndi zomanga thupi za m'njere. Koma cakuda bii capserera, ciwawa, ndipo siciyenera kudyedwa. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Woocha wothamanga adya makala.

Iripo njira yina yofewetsa cimanga ca okalamba ndi ca ana. Woocha asiye makoko awiri kapena atatu a m'kati, nacibviike m'madzi oyera kanthawi, naciike pa makala. Nthunzi ya m'makoko iphika njere. Pambuyo pake asende makokowo, nacibwezere pamoto pang'ono kuti cifiire.

Za nkhuni, si kofunika kugwetsa mtengo kaamba ka zikonyo zisanu. Zitsononkho zouma za caka catha zipereka makala okwanira, ndiponso nthambi za gliricidia zosadzidwa m'munda. Mapulasitiki, mphira ndi matabwa opaka utoto zisayatsidwe pa moto wa cakudya, cifukwa utsi wake uli ndi poizoni.

ZOPAKA ZITATU

Miyeso iyi ikwanira zikonyo zisanu ndi cimodzi.

Coyamba ndi ca mcere, tsabola ndi ndimu. Mai asakanize kasupuni kamodzi ka mcere ndi theka la kasupuni ka tsabola wouma wosinja bwino. Cimanga cikaphulidwa pamoto, adule ndimu pakati, naibviike mu mcerewo, napukute nayo cimanga cikali cotentha. Madzi a ndimu agwiritsa mcere pa njere, umene ukadangoyoyoka.

Caciwiri ndi ca mafuta. Mai afinyire ndimu imodzi m'kapoto, nasungunuliremo theka la kasupuni ka mcere. Mcere uyambe kulowa m'madzi a ndimu, pakuti m'mafuta susungunuka. Tsono athiremo masupuni atatu akulu a mafuta a mpendadzuwa, adyo wosinja, tsabola pang'ono ndi kasupuni kamodzi ka uci kapena shuga. Kapotoko kakhale m'mbali mwa moto kuti zifunde, ndipo azitakasa asanapake, cifukwa mafuta ndi madzi zilekana msanga.

Cacitatu ndi ca ciponde. Mai akazinge anyezi pang'ono m'supuni imodzi ya mafuta, nathiremo matimati awiri akupsa osenda, naphike kufikira ataphwanyika. Pamenepo aonjeze masupuni awiri akulu a ciponde, mcere, tsabola ndi madzi ofunda pang'onopang'ono, alikutakasa, kufikira zitakhala ngati phala lopyapyala la mwana. Likalimba kwambiri siligwira pa njere. Likaculuka madzi lidonthera pa makala.

Nthawi yopaka ndiyo mutu wa nkhani. Uci, shuga ndi nshawa zipserera msanga koposa cimanga. Cotero cimanga ciyambe kupsa cokha. Citatsala pang'ono kupsa, woocha acipake mopyapyala, nacibwezere pamoto mphindi ziwiri alikutembenuza, kufikira copakaco citauma ndi kunyezimira. Akafuna apakenso kaciwiri. Mafuta asaculuke, pakuti akadonthera pa makala ayatsa lawi. Copakira sicigulidwa ku sitolo: makoko oyera a m'kati, ong'ambidwa kunsonga ndi kumangidwa pamodzi, agwira nchitoyi bwino, ndipo atatha aponyedwa pamoto.

CIFUKWA CAKE CA MAFUTA NDI NSHAWA

Zopaka izi siziri za kukoma kokha. Cimanga cipatsa mphamvu, koma zomanga thupi zake nzosakwanira, ndipo vitamini wochedwa niacin ali womangika m'njere kotero kuti thupi silimpeza bwino. Anthu odya cimanga cokha masiku ambiri agwidwa ndi nthenda ya pelagra: khungu la pakhosi ndi pamanja lida ndi kukakala, m'mimba mutseguka, ndipo potsiriza mutu usokonezeka. Mu 1989 ndi 1990 nthendayi inagwira anthu zikwi zambiri mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene anali m'misasa ku Malawi, pa nthawi imene nshawa zinasowa pa cakudya cimene anali kulandira. Nshawa ziri ndi niacin wambiri, mafuta ndi zomanga thupi. Cigawo ca Kum'mawa ndico mwini nshawa m'Zambia, kuyambira Chalimbana wa makolo kufikira mitundu ya MGV yocokera ku Msekera. Nzacisoni kuti banja ligulitse nshawa zonse, ana ake nakhala ndi nsima ndi mcere.

Mafuta nao ali ndi nchito yake. Mu 2012 Zambia inaturutsa mitundu yoyamba ya cimanga ca olenji, cimene ciri ndi zinthu zosanduka vitamini A m'thupi. Vitamini ameneyu athandiza maso kuona madzulo, nalimbitsa ana pa matenda. Koma thupi limlandira bwino akadyedwa pamodzi ndi mafuta. Cotero cikonyo ca olenji copaka mafuta a mpendadzuwa kapena ciponde cipindulitsa mwana koposa couma.

Mcere ukhale wa ayodini, woletsa cithokomiro, koma usaculuke. A World Health Organization alangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mcere pa tsiku, ndiko kunena kasupuni kamodzi kosadzaza, kuwerengera ndi wa m'ndiwo womwe. Odwala nthenda ya kuthamanga kwa magazi acepetse mcere, naculukitse ndimu ndi adyo.

NGOZI ZOYENERA KUZIDZIWA

Ngozi yoyamba ndi mankhwala a m'munda. Kumapeto kwa 2016 m'Zambia munalowa mbozi zochedwa fall armyworm, zocokera ku America, ndipo kuyambira pamenepo alimi ambiri athira mankhwala m'cimanga koposa kale. Pa botolo liri lonse palembedwa masiku oyenera kupita kucokera tsiku lothira kufikira tsiku lokolola. Cimanga couma cikhala m'munda nthawi yaitali, koma caciwisi cithyoledwa msanga, ndiye cifukwa cake ngozi iri pa ico. Moto sucotsa mankhwala. Mlimi alembe tsiku limene anathira, ndipo wosatha kuwerenga botolo afunse mlangizi wa pa kampu yake. Mbeu yogula, yopakidwa utoto, ndi yobzala cabe. Isakazingidwe ngakhale pa njala.

Yaciwiri ndi cuku. Pamene mbozi yaboola cikonyo, mvula ilowa, ndipo njere ziola. Cuku cina cipanga poizoni wochedwa aflatoxin, amene aononga ciwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo kuocha kapena kuphika sikumthetsa. Mu 2004 anthu 125 anafa ku Kenya atadya cimanga cotere. Cikonyo coola citayidwe, osapatsa nkhuku kapena nkhumba. Nshawa za ciponde zisankhidwe imodziimodzi. Zofota, zobooka ndi zowawa zicotsedwe.

Yacitatu ndi mbaula ya m'nyumba. Mwezi wa cimanga caciwisi uli wa mvula, ndipo anthu alowetsa mbaula m'nyumba natseka citseko. Makala oyaka aturutsa mpweya wosaoneka ndi wosanunkha, umene uyamba ndi kupweteka mutu ndi cizungulire, nupha munthu ali m'tulo. Mbaula ikhale pakhonde kapena m'khichini lopita mphepo. Wina akakomoka, aturutsidwe panja msanga, natengedwe ku kiliniki kapena ku cipatala, monga ca St Francis ku Katete.

Yacinai ndi ya ana. Mwana wokwawa asayandikire makala. Wosakwana zaka zitatu atsamwa ndi njere zathunthu. Mai amkokolere njerezo, nazisinje, nasakanize ndi ciponde copanda tsabola. Uci usapatsidwe kwa mwana wosakwana caka cimodzi.

NKHOKWE ISAIWALIKE

Tsono nkhani yafika pa cacikulu cija. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndiyo ya njala, ndipo cimanga caciwisi capulumutsa mabanja ambiri. Palibe angatsutse mai amene athyolera ana ake anjala. Koma mtengo wake udziwike. Njere ya mkaka ndi madzi okhaokha. Sinafike ngakhale theka la cakudya cimene ikadakhala naco itakhwima. Wodya caciwisi adya theka, nataya theka.

Masamu ake ali motere. Cikonyo cabwino, cikauma ndi kutong'oledwa, cipatsa magalamu ngati 150. Banja loocha zikonyo 10 pa tsiku lidya zikonyo 300 pa masiku 30. Zimenezo zikadapatsa makilogalamu 45, pafupifupi thumba lathunthu la makilogalamu 50. Miyezi iwiri yotere icotsa matumba awiri, osawerengera za alendo, za abusa a ng'ombe, za apusi ndi za akuba. Matumba awiriwo ndi omwe adzasowa m'Januwale wa caka ca mawa, ndipo banjalo lidzayambanso msanga kuthyola caciwisi. Njala ya caka cino ibala ya caka ca mawa. Ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Anthu sanaiwale caka ca 2024. Mvula inadula pa nthawi imene cimanga cinali kumasula, ndipo pa 29 Febuluwale President Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cagwetsa dziko m'tsoka, atanena kuti mahekitala ngati 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni a cimanga anaonongeka. Caka cotere cionetsa phindu la thumba liri lonse lotsala m'nkhokwe.

Mankhwala a bvutoli ndi kupatula. Mlimi wanzeru alima kamunda ka dowe pafupi ndi nyumba, kosiyana ndi munda wa nkhokwe. Malo a mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, mizere yotalikirana masentimita 90 ndi mapando masentimita 25, alowa mapesi oposa 400. Abzalemo mbeu yoca msanga ndi mvula yoyamba, ndipo agawe malowo patatu, nabzale cigawo cimodzi pa masabata awiri ali onse, kuti cisakhwime conse pamodzi. Kamundako kathiridwe manyowa a m'khola, ndipo mbozi zake ziphedwe ndi manja m'mawa, kuti pasafunike mankhwala. Banja lonse ligwirizane kuti coocha cicokera m'menemo mokha. Maungu, mbatata ndi cinangwa zithandizenso kudutsa miyezi ya njala. Mapesi aciwisi otsala ndi cakudya cabwino ca ng'ombe, kapena agonekedwe m'mizere kuti aphimbe nthaka.

ZA MALONDA

Cimanga coocha ciri ndi msika. Mabasi a pakati pa Lusaka ndi Chipata aima pa Sinda ndi pa Katete, ndipo malole opita ku Mozambique akhota pa Katete kulinga ku Chanida. Apaulendo afuna kanthu kotentha kogwira m'manja. Phindu lalikulu liri pa cimanga ca kudimba, cobzalidwa mu Ogasiti kapena Sepitembala, cimene cifika pamsika mu Novembala ndi Disembala, pamene ca m'minda cisanabereke. Ca kudimba sicikhudza nkhokwe. Koma wolima dimba asiye udzu ndi mitengo m'mphepete mwa mtsinje, kuti gombe lisagumuke ndi madzi asaphwe.

Wofuna kugulitsa munda wa mvula ukali wauwisi ayambe wawerenga. Ndalama ya lero ioneka yambiri, koma adzagula ufa pa mtengo wokwera m'miyezi ya njala. Agulitse cokhaco cimene citsala banja litapatula matumba a caka conse, ndipo mwamuna ndi mkazi apangane asanaitane wogula. Woocha pamseu agule kwa mwini munda wodziwika. Wogula cimanga ca usiku pa mtengo wochipa alimbikitsa akuba, ndipo mawa adzalowa m'munda mwake momwe.

Ukhondo ndiwo usunga malonda. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2023 inapha anthu oposa 700 m'Zambia, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa kuciyambi kwa 2024. Nthendayi iyenda ndi madzi oipa, manja osasamba ndi nchenche, makamaka nyengo ya mvula. Wogulitsa akhale ndi madzi oyera ndi sopo pambali pake, nabvundikire zopaka zake. Ogula asagwiregwire cimanga posankha, ndipo ndimu yopaka igwidwe ndi wogulitsa yekha. Ciponde cophika ndi matimati cisagone. Apange cokwanira tsiku limodzi. Cimanga ciperekedwe cotentha, cokulungidwa m'makoko ake oyera, osati m'mapepala a nyuzi kapena m'matumba a simenti.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

Cimanga cithyoledwe pa msinkhu wa mkaka, ciochedwe tsiku lomwelo pa makala opanda lawi. Copaka cifike potsiriza, ndipo cikhale ndi mafuta kapena nshawa zosankha bwino. Masiku olembedwa pa botolo la mankhwala asungidwe, coola citayidwe, mbaula ikhale panja. Ndipo mvula isanagwe, banja liri lonse lipime kamunda kake ka dowe, kuti ana adye coocha m'Febuluwale ndi kupezanso nsima m'Januwale wotsatira. Wofuna mbeu yoca msanga kapena ya olenji akaonane ndi mlangizi wa pa kampu yake nthawi ikalipo.